Masamba Awiri a Kwaku Ansong

Maame Adwoa Adutwumwaa anatayipa mawu a anthu ena kwa zaka makumi atatu ndi zinayi. Anali mlembi pasukulu ina ya sekondale kuno ku Oda, ndipo mayeso a masamu, makalata ochotsa ana sukulu, madandaulo a aphunzitsi, ngakhale kalata yofunsira mbeta ya mphunzitsi wina wamanyazi, zonse zinadutsa pazala zawo. Sankafunsa ngati kalata ikunena zoona. Ankangowongola pamene mwiniwake wakhotetsa chilembo, n'kupereka. Ntchito anapuma ndi zinthu ziwiri: penshoni yothera pakati pa mwezi, ndi nyamakazi imene inawapinda zala moti cholembera sankachigwira kupitirira mizere itatu. Pakompyuta ankathabe ndi zala ziwiri, pang'onopang'ono, ngati nkhuku yotola mapira.

Amuna awo, a Kwaku Ansong, ankayendetsa malole onyamula zipika kuchokera kunkhalango kupita kudoko la Takoradi. Chinali chimunthu cha mimba, chaphokoso, chokonda kachasu, ndipo chikaseka agalu a kwa aneba ankauwa. Anakumana tsiku limene a Kwaku anabweretsa matabwa pasukulupo n'kupempha kuti awatayipire kalata yofunsira ntchito kwina. Ndalama analibe, ndiye analipira ndi dengu la nkhono za m'nkhalango, zamoyo, zimene zinayamba kukwera miyendo ya tebulo la ahedi. Banja lawo silinali la uchi wokhawokha. Kawiri konse Maame anamanga katundu kubwerera kwa mayi awo, ndipo kawiri konse lole inakaima pakhomopo n'kuliza hutala mpaka aneba anawapempha kuti angokwera. Anthu sankamvetsa kuti mayi waudongo chotere, wa madiresi ositasita, anaona chiyani mwa dalaivala wonunkha dizilo.

"Amandiseketsa," Maame ankatero. "Nanga anuwo anakuseketsani liti komaliza?"

Wofunsayo ankapeza chochita kukhitchini.

Mwana anali mmodzi, Oforiwaa, yemwe anapita ku Italy kukasamalira gogo wina wachizungu ndipo analibe mapepala omulola kubwera n'kubwereranso. Zaka khumi ndi chimodzi makolo ake ankamuonera pafoni. Ndiye amene anatumiza pulinta, mumgolo umodzi ndi sopo, mafuta ophikira ndi nsapato za bambo ake, kuti mayi ake azisindikiza timapepala ta mpingo ndi mayeso a timasukulu ta pulayimale n'kumapezako ya ndiwo. Makinawo anali a mtundu wochenjera. Inki yake sinali yogula pasitolo. Oforiwaa ankalipira kampani mwezi ndi mwezi, kampani n'kumamutumizira timabokosi ta inki, iye n'kumapatsira aliyense wobwera kumudzi. Polembetsa kukampaniko analemba dzina la bambo ake ndi nambala ya kafoni kawo ka mabatani. A Kwaku sankadziwa n'poyatsira pomwe, koma mwana woleredwa bwino salemba dzina la mayi bambo ali moyo.

"Adwoa, mlendo wakoyu bwanji?" a Kwaku ankatero makinawo akayamba kulira ndi kudzikoka asanatulutse kanthu. "Ayambe wakhosomola, adziwongole msana, kenako agwire ntchito. Ameneyu anagwirapo m'boma ndithu."

Kuno kwathu munthu saikidwa m'manda popanda kabuku. Kabuku ka mapepala onyezimira, chithunzi pachikuto, mbiri ya moyo mkati, mawu a mkazi wamasiye, mawu a ana, mawu a mpingo. Ndipo tinene zoona, m'timabuku timeneti simunafepo munthu woipa. Onse anali mizati, onse anali ofatsa, onse ankakonda ana amasiye. A Kwaku ankapita kumaliro Loweruka lililonse, ndipo ankabwerako ndi kabuku m'thumba kuti Maame awawerengere, iwo atagona pampando akufa nalo phwete.

"Bwereza pamenepo! Darkwa mzati wa mpingo? Darkwa amene tinkaba naye dizilo ku Nkawkaw? Adwoa, tabwereza, mwina taika munthu wina."

Chaka chimene anakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri, sitiroko inawagwetsa ali kubafa. Mbali ya kumanja inafa, pakamwa panakhota, koma mutu unatsala wonse. Anagona zaka zitatu pabedi limene analiika pabalaza kuti aziona msewu. Maame ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala ndi supuni, ndi kuwakalipira akalavula mankhwala. M'chaka chachitatu, m'mawa wina phala litatha, a Kwaku anati:

"Yatsa chikompyuta chakocho. Ndikufuna kabuku kanga ndilembe ndekha, asanandipake laimu."

Zinatenga milungu isanu, chifukwa mawu ankatuluka movuta ndipo zala za Maame zinali zija. Anakwana masamba awiri, m'chinenero chathu, osati Chingerezi cha m'timabuku. Pamwamba anaikapo chithunzi chimene a Kwaku anasankha okha: ataima pafupi ndi lole, atavala vesiti, mimba ili panja, akuseka ndi mpata wa dzino loguluka. Pansi pake mawu anayamba motere:

"Ine Kwaku Ansong sindinali dikoni. Kutchalitchi ndinkapita pa Khrisimasi ndiponso tsiku limene mkazi wanga wandikwiyira. Ndinkamwa. Lole ndinagwetsa kawiri. Kachiwiriko ndinali nditaledzera, ndipo mnzanga Yaw Barima, amene ndinamunyamula paulendowo, anaduka mwendo. Kupolisi ndinanamizira mabuleki, iye sanandiulule, ndipo ine sindinapite n'kamodzi komwe kukamuona chifukwa cha manyazi. Barima, ngati uli pano, iwe kapena ana ako, ndikhululukire. Nyumba ino anamanga ndi mkazi wanga, ndalama za zala zake. Ine ndinagula chitseko chokha, nachonso n'chokhota."

Atamaliza, a Kwaku anati asindikiziretu makope mazana awiri n'kusunga. Maame anakana kwamtuwagalu. Munthu ali moyo, akupuma, akupempha tsabola m'supu, sumusindikizira pepala la maliro ake. Kumeneko n'kukodola imfa ndi dzanja.

"Ndiye lumbira," a Kwaku anatero. "Aliyense wobwera pamaliro anga alandire lake m'manja. Ukalephera ndizidzakukoka mwendo kutulo."

"Ndalumbira. Tsopano imwani mankhwala."

A Kwaku anamwalira Lachiwiri lina mu Febuluwale, dzuwa litangotuluka, fumbi la chilimwe cha kuno kwathu lili mbuu pawindo. Thupi analitengera kumochale, ndipo abale anagwirizana zoti maliro adzakhale pakatha milungu isanu ndi iwiri.

Kwathu mtembo si wa mkazi. Mkazi asambitse munthu zaka zitatu, amupukute, amutembenuze, koma akangotsirizika, abale a kuchikazi kwake amafika ndi nsalu zakuda n'kutenga zonse, mpaka mbiri yake. Anatsogolera ndi Opanyin Gyasi, mkulu wa banjalo, mwana wa mayi awo aang'ono a malemu. Anali munthu wofewa pakamwa, mkulu wa mpingo, wonunkhira mafuta, woyenda ndi kampango koyera m'manja. Anasonkhanitsa nsalu za a Kwaku, laisensi, wotchi ndi kafoni kaja, n'kuzitsekera m'bokosi lachitsulo pakona ya chipinda. Loko ameneyo satsegulidwa mpaka maliro atatha ndipo wolowa m'malo atasankhidwa. Kiyi anaika m'thumba la malaya.

Maame anavekedwa zakuda n'kukhazikidwa pamphasa. Wamasiye satuluka pageti mwamuna wake asanaikidwe, sapita kumsika, sapereka moni wa dzanja, ndipo amamuikira womuyang'anira. Anawaikira Yaa Dufie, mlongo wawo wa a Kwaku, mayi wamasiyenso, wosadziwa kuwerenga, amene kwa zaka makumi anayi ankanena kuti mchimwene wake anakwatira mkazi wonyada. Awiriwa ankaitanana kuti Akumaa, monga alamu aakazi amachitira, koma mawuwo ankatuluka ouma.

Maame ankadziwa kuti Opanyin Gyasi sangalole masamba aja kulowa m'kabuku ka banja. Sanadandaule. Makina anali nawo m'nyumba, mapepala analipo, inki m'timabokosi inali yoposa theka popeza chiyambire Khrisimasi anali asanasindikize kanthu. Mwambo wokumbukira malemu pa sabata yoyamba utatha, m'mawa Dufie ali kubafa, anayatsa kompyuta, analumikiza makinawo ku intaneti ya pafoni, analemba kuti makope mazana awiri, n'kudina.

Makina anakhosomola, anadzikoka, kenako kanyali kofiira kanayaka. Pagalasi panabwera mawu oti inki yatsekedwa chifukwa malipiro anaima.

Anaimbira Oforiwaa. Mwanayo analira asanayankhe. Gogo wachizungu uja anamwalira mu Disembala, ntchito inathera pomwepo, ndipo iye sanafune kuuza makolo ake bambo ali pabedi. Tsopano anali atapeza ganyu yokolopa m'maofesi ndipo anayesa kulipira, koma kampani inati pakadutsa miyezi iwiri zonse zimatsekedwa mpaka mwiniwake atalankhula nawo.

"Koma inkiyo ndikuiona ndi maso angawa," Maame anatero. "Ili m'nyumba mwanga. Atseka bwanji chinthu chili m'nyumba mwanga?"

"Maa, inkiyo si yanu. Ndi yawo. Ife timangolipira kuti atilole kugwiritsa ntchito."

"Pukuta misozi. Ndigula ina konkuno."

Anatuma Anti Korkor, neba wawo wogulitsa nsalu yemwe amapita ku Accra Lachinayi lililonse. Timabokosi tinayi, kakuda, kofiira, kachikasu ndi kabuluu, tinadya ndalama zokwana masedi mazana asanu ndi anayi, pafupifupi penshoni ya mwezi wathunthu. Korkor popereka anachita kufunsa ngati mkatimo muli golide. Maame anang'amba mapaketi ndi mano, anaika timabokosi m'malo mwake, anadinanso. Kanyali kofiira. Akuti inki iyi si ya dera la makina ano. Makinawo anagulidwa ku Ulaya ndipo ankafuna inki ya ku Ulaya. Ya ku Accra, ya kampani yomweyo, ya chizindikiro chomwecho, anaikana ngati khanda lokana bere la mayi wina. Wasitolo anati katundu wotsegula sabwezedwa. Maame anabwezeramo timabokosi takale tija.

Kumbuyo kwa makinawo kunali nambala ya kunja. Maame anaitanitsa mayunitsi, anakhala pamphasa, anaimba. Kunayankha mawu ojambulidwa owauza kuti adine apa, adine apo. Kenako nyimbo ya piyano, yomweyomweyo, mphindi makumi awiri, mayunitsi akungosungunuka. Pamapeto kunabwera bambo waulemu wa mawu osalala.

"Zikomo poimba. Tikuthandizeni chiyani lero?"

Maame anafotokoza zonse mwadongosolo, monga mlembi.

"Pepani ndi vutoli, mayi. Mwayesa kuzimitsa n'kuyatsanso?"

"Mwana wanga, ndazimitsa, ndayatsa, ndapempherera. Ndikufuna munditsegulire inki."

"Ndikuona kuti makinawa ali m'dzina la bambo Kwaku Ansong. Ndingalankhule nawo?"

"Anamwalira."

"Pepani kwambiri. Nanga angapezeke nthawi yanji?"

Maame anachotsa foni kukhutu n'kuiyang'ana.

"Ndati anamwalira. Ali mufiriji kumochale. Ukawafuna pita komweko, sachokapo."

Bamboyo anapepesanso, ndipo anati palibe vuto, atumiza nambala yachinsinsi kufoni ya mwiniwake, mayi angoiwerenga. Asanamalize n'komwe, m'bokosi lachitsulo muja munalira: tii-tii.

Dufie, yemwe ankasenda chinangwa pakhomo la chipinda, anataya mpeni.

"Yesu! Kwaku akuitana! Akumaa, mwamulakwira chiyani mlongo wanga?"

"Ndi foni, Akumaa."

"Foni ya munthu wakufa imalira yokha? Musandipusitse ine. Kusukulu sindinapite, koma si ine mwana."

Nambala inali pomwepo, mikono iwiri kuchokera pamene Maame anakhala, kuseri kwa loko. Kuthyola loko ameneyo kunali kuuza Oda yense kuti wamasiye waba katundu wa malemu thupi lisanaikidwe. Ali mkati moganiza foni inaduka. Mayunitsi anali atatha.

Anaimbanso mawa lake, ndi mkuja wake. Tsiku lililonse kunkayankha munthu wina, ndipo aliyense ankayambira pachiyambi: kuzimitsa, kuyatsa, dzina la mwiniwake, nambala yachinsinsi. Bokosi linkalira tii-tii, Dufie n'kumapemphera. Tsiku lachinayi anati atumiza nambala, Maame anatchera khutu, koma bokosi linangoti zii. Moto unali utatha m'kafoni kaja. Tsiku limenelo ndi limene Maame analira kwenikweni, kuposa tsiku la imfa, chifukwa chinthu chomaliza cha a Kwaku chimene chinkayankha m'nyumbamo chinali chitakhala chete.

Wina wa kukampaniko anawalumikiza ndi ofesi yoona za ku Africa, ofesiyo inati makina a ku Ulaya si ake. Wina anawauza mokondwa kuti kwatuluka makina atsopano otsika mtengo. Kenako anati atumize kalata ya imfa ya kuboma. Kalatayo inali ndi Opanyin Gyasi. Maame atapempha, mkuluyo anamwetulira, anapukuta pakamwa ndi kampango, n'kunena kuti akazi athu asathamange, za kubanki ndi za nyumba tidzakambirana maliro akatha. Sanakhulupirire kuti munthu angafune kalata ya imfa chifukwa cha inki. Ndani akanakhulupirira?

M'milungu isanu Maame anauza alendo khumi ndi anayi kuti amuna awo anamwalira, ndipo onse anapepesa ndi mawu ofanana, kenako n'kuwaikira piyano. M'mawa uliwonse ankayatsabe makina n'kudina, kuti mwina agona bwino n'kusintha maganizo.

Kutatsala masiku khumi, anachita zimene ankaziopa. Anatumiza masamba aja pafoni kwa mwini kashopu kosindikiza kuseri kwa siteshoni ya matrotro, maminibasi a kuno, osati kumene banja linkasindikizitsa kabuku kake. Bamboyo anawerenga, anaona kuti ndi za maliro, ndipo anachita zimene wosindikiza aliyense kuno amachita: anaimbira mkulu wa banja kufunsa ngati akudziwa. Masana omwewo Opanyin Gyasi anafika, anakhala pampando, anayala kampango pabondo.

"Akazi athu, ife takulakwirani chiyani?"

"Palibe, Opanyin. Ndi mawu awo. Ine ndinangotayipa."

"Munthu anali wodwala uja, ankangolankhula. Inu mukanangomva n'kuzisiya."

"Mutu wawo unali bwino kuposa wa tonse tili muno."

"Kukubwera abusa atatu. Kukubwera a bungwe la madalaivala ndi mbendera yawo. Mukufuna tiwagawire pepala loti m'bale wathu anali chidakwa chonamiza apolisi? Adzukulu athu adzakwatiwa kuti?" Anatembenukira kwa Dufie. "Alamu anuwa alemba zotukwana mlongo wanu. Muziwayang'anira bwino."

Kuyambira tsiku limenelo Dufie anasamutsira kampando kake pakhomo penipeni, ndipo Korkor akabwera ankamusecha dengu. Maame akanatha kumuwerengera Dufie masambawo kuti adzimvere yekha. Sanatero. Zaka makumi anayi za kuyang'anana cham'mbali zinawaumitsa khosi, ndipo mumtima anati sangadzichepetse kwa munthu amene anagamula kale.

Lolemba la sabata ya maliro anaimba komaliza. Kunayankha mayi wachitsikana wa mawu otopa, amene sanafunse za kuzimitsa. Anamvetsera mpaka Maame anamaliza.

"Mayi, inenso bambo anga anatisiya chaka chatha. Ndikanakhala ndi batani lotsegulira ndikanadina pompano, koma pakompyuta yanga palibe. Chitani izi. Jambulani chikwangwani cha maliro, chokhala ndi dzina ndi tsiku, mutumize. Akuluakulu ena amalola. Zimatenga masiku atatu mpaka khumi."

"Maliro ndi Loweruka, mwanangu."

"Ndalemba kuti n'zachangu. Ndikalonjeza zoposa apo ndinama."

Chikwangwani chinali pageti pomwepo, chachikulu kuposa getilo. Korkor anachijambula. Anali a Kwaku a zaka makumi anayi, mutu wawo atauika pathupi la munthu wina wovala nsalu yaulemu ya kente, dzino loguluka atalibwezeretsa. Umenewo ndiwo umboni umene Maame anatumiza wosonyeza kuti amuna awo anafadi.

Lachinayi kanyali kanali kofiira. Lachisanu, thupi likubwera kuchokera kumochale, kanali kofiirabe.

Maliro anali okongola, aliyense anatero. Matenti asanu ndi limodzi, bandi ya malipenga, anthu ovala zofiira ndi zakuda kudzaza msewu. Kabuku ka banja kanali ka masamba makumi awiri ndi anayi. Mdzukulu wina wophunzira anawerenga pachimkuzamawu mawu a mkazi wamasiye, mawu amene Maame anawamva koyamba pomwepo: akuti a Kwaku anali mthunzi wawo ndi thanthwe lawo. Kenako anawerenga mbiri. Akuti malemu anali mzati wa mpingo. Akuti anayendetsa lole zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu osachitapo ngozi n'kamodzi komwe.

Pamenepo, kumipando ya kumbuyo, nkhalamba ina inaimirira ndi ndodo ya m'khwapa. Mwendo umodzi wa thalauza unali wopindidwa n'kumangidwa ndi chingwe pabondo. Maame anali asanamuonepo Yaw Barima, koma sanafunikire kuuzidwa. Nkhalambayo inayang'ana bokosi la maliro kwa kanthawi, inapukusa mutu, inaika kabuku kaja pampando mwaulemu, n'kuyamba kutuluka pang'onopang'ono pakati pa matenti.

Maame anatsegula pakamwa. Mawu ankawadziwa pamtima, pepala silinkafunika. Anayamba kudzuka. Dzanja la Dufie linawagwira pabondo n'kuwakanikizira pansi.

"Khalani pansi, Akumaa. Wamasiye salankhula. Musatichititse manyazi."

Ndipo anakhala. Chimene chimawapweteka mpaka lero n'chakuti dzanja la Dufie silinali lamphamvu. Anakhala chifukwa moyo wawo wonse anazolowera kuchita zimene auzidwa. Malipenga anayamba, ndipo pamene ankakweza maso, ndodo ija inali itakhota pakona ya msewu. Atafunsitsa pambuyo pake, panalibe wodziwa kumene nkhalambayo inachokera. Akuti inangomva pawailesi.

Lachitatu lotsatira alendo onse anali atabalalika. Panja eni matenti ankakweza mipando ya pulasitiki m'lole. Maame anadzuka, anasamba, ndipo manja awo, mwa chizolowezi cha milungu yonse ija, anayatsa kompyuta ndi makina. Sankayembekezera kanthu. Anatembenuka kuti akatunge madzi akumwa.

Kumbuyo kwawo makina anakhosomola, anadzikoka, n'kumeza pepala. Kanyali kanali kobiriwira. Pafoni panali uthenga wa Oforiwaa woti kampani yavomera chikwangwani chija ndipo iye walipira, ndi uthenga wina wa kampani wopempha kuti anene ngati akhutira ndi thandizo.

Pepala loyamba linatuluka, a Kwaku ali m'vesiti, mimba panja, akuseka. Linatuluka lachiwiri, lachitatu. Kompyuta inali itasunga kudina konse kwa m'mawa uliwonse, ndipo tsopano makina ankabweza zonse osapuma. Mapepala anadzaza thireyi, anayamba kugwera pansi n'kumatsetsereka mpaka pamphasa. Maame anangoima, manja ali lende.

Dufie analowa atamva phokoso. Anawerama, anatola pepala limodzi, analiyang'ana nthawi yaitali.

"Uyu ndiye Kwaku," anatero chapansipansi. "Uja wa pageti sindikumudziwa. Mlongo wanga ndi uyu." Anasisita chithunzicho ndi chala. "Zotukwana zija ndi zimenezi?"

"Ndi zomwezo."

"Tandiwerengerani."

Maame anawerenga ataima, makina akugwirabe ntchito pambali. Pa za Khrisimasi Dufie anaseka mosafuna n'kudzitseka pakamwa. Pa za Barima anakhala pansi, pasimenti, miyendo tambalale. Za chitseko chokhota sanazimvenso.

"Wa ndodo uja?"

"Yemweyo."

"Ndiye mumadzukira zimenezi?"

Maame anavomera ndi mutu.

Dufie anayang'ana dzanja lake lamanja, analitembenuza, analiyang'ananso.

"Mukanandiuza, Akumaa. Ine ndikanamuthamangira ndekha mpaka kumsewu. Getilo ndikanakutsegulirani kalekale."

Maame anatembenukira kumakina. Inki inali itayamba kuchepa, ndipo pamapepala amene ankatuluka tsopano nkhope ya a Kwaku inkayera tsamba ndi tsamba, mpaka panatsala tayala la lole ndi mthunzi wa munthu. Azimayi awiriwo anagwada n'kuyamba kutola mapepalawo, kuwasanja bwinobwino awiriawiri, ngakhale panalibenso wowapatsa.